Matenda a Zilembo Zitatu

Kabuku ka kuchipatala ka mwana wanga womaliza ndikadali nako. Ndi kope la sukulu lodula pakati, monga tinkachitira tonse kuno ku Chipata m'zaka za m'ma 1990: theka lina la mwana, theka lina la amayi ake. M'kabukumo muli masamba asanu ndi awiri olembedwa chaka chimodzi, chaka chomwe mtsikanayo anali mu Giredi 12, ndipo pansi pa tsamba lililonse pali zilembo zitatu zomwezomwezo: N.A.D. Olemba ndi osiyana, wina ngati nkhuku yapalasa, wina waudongo ndithu, koma zilembozo sizisintha.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki ku boma zaka makumi atatu, mu ofesi yosunga makalata. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ine si munthu woopa zilembo zachidule. Akalaliki atsopano ankabwera kwa ine kudzafunsa matanthauzo. Koma zitatu izi zinandichititsa manyazi oti mpaka lero amayi akunyumba akafuna kundichepetsa pamaso pa alendo, amayambira pomwepo.

Mwanayo anakula wathanzi, wosadziwa ngakhale fungo la chipatala. Zinayamba mnzake wokhala naye desiki imodzi atamwalira. Masiku amenewo kwathu ku Kapata kunalibe sabata yopanda maliro. Tinkachoka kumanda fumbi lili kumapazi n'kupeza uthenga wina ukutidikira pakhomo. Dzina la matendawo sitinkalitchula. Tinkangoti "wadwala nthawi yaitali", kapena "ndi zomwezi". Mnzake uja anawonda pang'onopang'ono, ndipo mwana wanga ankapita kukamuona Loweruka lililonse, kumumwetsa phala, kumupesa tsitsi, kumuwerengera zomwe aphunzira sabata imeneyo. Ine ndinkanyadira. Atamuika m'manda panapita masabata atatu, ndiye tsiku lina m'mawa ndinapeza mwana wanga ataima pagalasi, zala zili pansi pa chibwano.

"Atate, tagwirani apa. Si mwanabere uyu?"

Ndinagwira. Sindinamve kanthu koma khosi la munthu. Ndinamuuza choncho, anaseka, n'kupita kusukulu. Madzulo anafunsanso.

Ankadziwa bwino lomwe kuti matendawo safala pogwirana chanza kapena pomwera kapu imodzi. Funso limenelo anali atalikhoza pa mayeso. Koma ankati, "Nanga ngati chipeso chija chinali ndi magazi?" Ndipo sanali matenda amodzi okha. Buku lake la bayoloje linali lonenepa, ndipo ndinadzazindikira kuti matenda ake ankatsata silabasi. Aphunzitsi akafika pa mapapo, iye chifuwa chachikulu. Akafika pa mtima, mtima wake unkadumphadumpha. Sabata ya impso ankamwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo.

Amayi ake ankasoka zovala pakhonde. Tepi yawo yoyezera inayamba kusowa, ndipo inkapezeka kuchipinda kwa mwana. Ankadziyeza m'chiuno ndi pamkono, m'mawa ndi madzulo, kuona ngati wayamba kuwonda.

Apa m'pomwe ine ndinalowererapo ndi nzeru zanga. Ndinati mantha amabwera chifukwa cha kusadziwa, ndiye tiyeni tizilemba. Ndinagula kope lachikuto cholimba, n'kujambula mizere ndi rula: tsiku, m'chiuno, pamkono, kutentha kwa thupi, dandaulo. Ndinapezanso kachipangizo koyezera kutentha. M'mawa uliwonse asananyamuke tinkakhala patebulo, iye kuyeza, ine kulemba. Ndinkamuonetsa ndi chala kuti, "Taona, Lolemba mainchesi omwewa, lero omwewa." Ankapumira m'mwamba, nkhope n'kuwala, n'kundithokoza, ndipo ine ndinkadzimva kuti ndine bambo. Pofika masana mantha ankakhala atabwerera. Tepi ikasiyana ndi dzulo ngakhale kachidutswa ngati chikhadabo, tsiku lonse linkawonongeka.

"Akalaliki," ankatero amayi ake makina akulira, "mwana wanga mwamusandutsa fayilo."

"Inu sokani. Zolemba sizinama."

"Nanga tepi yanga? Anthu ndiziwayeza ndi luzi?"

Kuchipatala tinapitako kasanu ndi kawiri. Tinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa, pakati pa anthu oti sangathe n'kuimirira komwe. Anamuyeza makhololo, anamujambula pachifuwa, anamutenga magazi, ngakhale a matenda omwe ankawaopawo, n'kutiuza kuti alibe. Nthawi iliyonse dokotala ankati, "Madala, mwanayu ali bwino, pitani," n'kulemba zilembo zitatu zija, n'kuitana wina. Mankhwala ayi, ngakhale kam'bulu kamodzi.

Muyenera kumvetsa nthawi yake. Tonse tinkamva kuti madokotala, posunga chinsinsi, sankalemba dzina la matenda aja poyera, ankalemba zilembo zomvana okhaokha. Tinkadziwanso kuti munthu yemwe zake zatha ndiye amauzidwa kuti pitani kunyumba mukapume. Mwana wanga anasanthula buku la bayoloje mpaka kumapeto komwe amandandalika mawu, N.A.D. osamupeza. Kenako anandionetsa kuti A ndi D zilimonso m'dzina la Chingerezi la matenda aja. Ndinamukalipira kuti asiye zopusa, koma ineyo zilembo ziwirizo sizinandichoke m'mutu.

Mundifunsa chifukwa chomwe sindinafunsire dokotalayo. Amayi akunyumba akhala akundifunsa zaka zonsezi. Dokotala yemwe tinkakumana naye kawirikawiri anali msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo ankandilankhula Chingerezi mwaulemu chifukwa ankaona tayi. Munthu wa tayi, wa zaka makumi atatu ku boma, afunse mwana kuti zilembo zitatu zikutanthauzanji? Komanso, ndivomere, yankho lake ndinkaliopa.

Teremu yachiwiri ili pakati, mtsikanayo anasiya kupita kusukulu. Mayeso omaliza anali mu Novembala. "Ndilemberenji, Atate?" anatero. "Satifiketiyo mudzandiikira m'bokosi?" Aphunzitsi aakulu anatumiza kakalata koti akapitiriza kujomba, tiiwale zoti adzakhoza. Uyu anali mwana yemwe sankatsika pa nambala yachitatu m'kalasi. Akulu ake onse sukulu inawathera panjira, ndipo iye yekha ndiye tinkamuyembekeza kuti afika kukoleji.

Ndinakwiya, ndipo ine ndikakwiya ndimalemba. Ndinatulutsa makina anga akale otayipira, n'kulowetsa mapepala atatu ndi kaboni, n'kulembera mkulu wa chipatala. Masamba awiri ndi theka. Ndinandandalika maulendo onse asanu ndi awiri, n'kufunsa kuti zingatheke bwanji mwana kupezeka ndi N.A.D. kasanu ndi kawiri osapatsidwa mankhwala a N.A.D. Ndinafunsa ngati mankhwalawo anatha, kapena ngati amasungira ana a mabwana. Ndinamaliza ndi kuchenjeza kuti nkhaniyi ndiipititsa pamwamba.

Amayi ake anamvetsera ndikuwawerengera mpaka kumapeto, ndiye anati, "Musanatichititse manyazi, tumizani kaye kwa mng'ono wanga aione." Mng'ono wawoyo, alamu anga, anali namwino ku Lusaka, kumbali ya odwala maganizo. Sindinaone kuti maganizo akukhudzana bwanji ndi khosi, komabe ndinatumiza pepala la kaboni, pamodzi ndi miyezo yonse yomwe ndinakopera m'buku langa, kuti aone kuti kuno sitikugona.

Yankho linafika patatha masabata awiri. Ndinaliwerenga nditaima pakhonde la positi ofesi, kiyi wa bokosi adakali m'manja. Linayamba motere:

"Alamu, kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndinachita kukhala pansi ndi kuseka. Musaitumize, chonde. N.A.D. ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena kuti tayeza ndipo sitinapeze chovuta. Mukufuna boma likupatseni mankhwala a kusadwala?"

Ndinapinda kalatayo, n'kuzungulira kumsika kawiri ndisanalowere kunyumba. Amayi ake anaseka mpaka sizasi kugwa pansi. Mwananso anaseka, koyamba m'miyezi ingapo, ndipo tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zina. Ine ndinati basi, nkhani yatha. Patapita masiku awiri anabwera n'kuima pambali panga.

"Atate, nanga ngati sanayeze bwino?"

Alamu anali ataziona kale zimenezi, chifukwa pa tsamba lachiwiri, lomwe ndinaliwerenga mothamanga chifukwa cha manyazi, analemba kuti chimwemwecho sichipitirira masiku atatu. Anati mwanayo akudwaladi, koma osati m'khosi. Matenda ake ndi mantha a matenda, ndipo amachizika. Mantha amenewa, anatero, ali ngati nkhuku yobwera pamtondo: ukaiwazira madeya kuti ikupatse mpata, mawa ibweranso ndi zinzake. "Tepi ija, kugwiragwira khosi, maulendo a kuchipatala, ndi buku lanu lokongolalo, alamu, zonsezo ndi madeya."

Buku langa madeya! Ndinayankha tsiku lomwelo, masamba atatu. Iwo anabweza mizere inayi: "Alamu, khalani pampando mphindi khumi, muziganizira chala chachikulu cha phazi lanu lamanzere, osaganiza china chilichonse. Mukatero mundilembere."

Ndinachita, cholinga chowatsutsa. Ndinaika wotchi patebulo. Pa mphindi yachitatu chalacho chinayamba kutentha. Pa yachisanu chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake. Mphindi khumi zisanakwane ndinali nditavula sokosi kuona ngati chatupa. Chala chomwe ndinayenda nacho zaka makumi asanu ndi limodzi osandidandaulira! Amayi ake anandipeza nditagwira phazi.

"Nanunso mwayamba?"

"Ndili pa ntchito, chokani."

Kuyambira pamenepo makalata ankabwera masabata awiri aliwonse, awiri mu envulopu imodzi: yanga, ndi ya mwana yomata payokha. Ya mwanayo sindinkaloledwa kuwerenga, chinthu chomwe chinkandiwawa kwambiri m'nyumba yanga yomwe. Anadzandipatsa yekha patapita zaka, n'chifukwa chake ndikudziwa zomwe zinalimo. Amayi ake aang'onowo sanamuuzepo n'kamodzi komwe kuti uli bwino. Ankangomupatsa ntchito. Agawe tsamba pakati, kumanzere alembe zomwe mantha akunena, kumanja zomwe munthu wosaopa anganene ataona chinthu chomwecho. M'mawa alembe choipa chomwe akuganiza kuti chimuchitikira dzuwa lisanalowe, madzulo aone ngati chachitika. Sabata ina anamuuza kuti azidina pamkono pamalo amodzi, kambirimbiri patsiku, monga momwe ankachitira ndi khosi. Pofika Lachitatu pamalopo pankawawa ngati chithupsa, ndipo anamudziwa yemwe ankamupweteka khosi miyezi yonseyi. Tepi ibwerere kwa eni ake. Kusukulu apite ngakhale akuopa, ayambe ndi maphunziro a m'mawa okha. Ndipo mutu wa matenda aja m'buku la bayoloje, womwe ankaudumpha atatsinzina, aziuwerenga mokweza tsiku ndi tsiku mpaka umutopetse.

Za kuchipatala analemba momveka bwino. Akatentha thupi kwenikweni, akatsokomola osasiya, kapena pakaoneka chilichonse chomwe amayi ake angachione osachita kufunafuna, tithamange naye. Kupanda apo, ayi.

Ntchito yanga inali imodzi, ndipo ndikunenetsa kuti inali yovuta kuposa zonsezo: kutseka buku ndi kutseka pakamwa. Mwana akafunsa ngati wawonda, ndiziyankha kuti funso limenelo tinagwirizana kuti sindiyankha, kenako ndisamuthawe, ndikhale naye ticheze zina.

Anandiyesa Lamulungu loyamba, titangochoka ku Misa.

"Atate, siketi iyi yayamba kukhwefuka. Mukuona?"

"Funso limenelo tinagwirizana kuti sindiyankha."

"Sindikufunsa za matenda ine. Ndikufunsa za siketi."

"Za siketi funsa atelala, ali apo."

"Atelala atseka," anatero amayi ake osacheuka. "Lero Lamulungu."

"Ndiye kuti mwaona kanthu nonse awiri. Mukanakhala kuti simunaone, mukanangonena kuti ayi." Anasendera pafupi ndi mpando wanga. "Liwu limodzi lokha, Atate. Likukuvutani n'chiyani? Kale munkandikonda."

Ndakhalapo pa milandu ndi pa maliro, koma sindikumbuka mpando womwe unanditentha ngati umenewo. Liwulo linali pamlomo penipeni, ndipo linali loona: siketiyo inamukwana bwinobwino. Ndinakoka lichero la mtedza lomwe linali pakhonde, n'kumuuza kuti tiye tiswe. Ankaswa akulira. Ine ndinkaswa maso ali pa makoko. Patapita ngati ola anayamba kundiuza za mphunzitsi wawo wa masamu, yemwe anabwera m'kalasi atavala nsapato zosiyana ndipo palibe anamuuza mpaka belu kulira. Tsiku limenelo sanafunsenso.

Ndisaname kuti ndinali woyera. Buku ndinatsekadi, koma ndinayamba kakope kena kakang'ono m'thumba la jekete, momwe ndinkalembamo zoona ndi maso: wadya bwanji, watsokomola kangati. Mwana anakapeza akusita jeketeyo. Sanalire. Anabwera nako atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Atate, pakati pa inu ndi ine, wodwala ndani?"

Anakaika mu envulopu yake ya ku Lusaka ine ndikuona. Yankho la alamu ndili nalo, koma sindilikopera pano. Ufulu wa chilamu anaugwiritsa ntchito mopitirira muyezo.

Zinkayenda mokwera ndi motsika. Mu Seputembala kunagwa maliro kwa anansi athu, ndipo zinamubwezera m'mbuyo: masiku atatu osapita kusukulu, zala zili pakhosi. Analembera amayi ake aang'ono, koma kalata kupita ndi kubwera ankakhala masabata awiri. Ine ndinkatukwana positi. Tsiku lachinayi ndinamuona atakhala pa mpando wosokera, akugawa tsamba pakati yekha, ndipo mawa lake anavala yunifolomu. Pomwe yankho linkafika anali atadziyankha kale. Pofika Okutobala ankakhala kusukulu tsiku lonse, ndipo panali masiku ena oti khosi silinkatchulidwa n'komwe.

Mayeso anayamba, ndipo mapepala oyambirira analemba bwinobwino. Kenako linafika tsiku la bayoloje. Kunacha kotentha, kutentha kuja kwa mvula ikamazengereza. Anatuluka kuchipinda atavala, nkhope yotuwa, thukuta lili pamphumi, n'kuima pafupi ndi mpando wanga.

"Atate, mutu ukundiwawa. Mtima ukuthamanga. Kukhosi kwauma."

Sanafunse kanthu. Yemwe analephera ndine. Dzanja langa linanyamuka lokha kupita pamphumi pake, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditatsegula kale kabati momwe munali koyezera kutentha, nditakhala kale pabenchi ya kuchipatala, nditayamba kale kalata yopempha kuti adzalembe chaka chamawa.

Analigwira dzanjalo lisanafike, n'kulitsitsa.

"Ayi. Ndawerenga mpaka maso kuwawa, kunja kukutentha, ndipo ndikuopa mayeso ngati wina aliyense. Ngati ndi malungo, sathawa. Mudzandiperekeza kuchipatala ndikatuluka. Tulutsani njinga."

Amayi ake anamuyang'ana kamodzi kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kumupatsa kapu ya tiyi. "Mwamva, akalaliki. Njinga."

Ndinamukweza pa kaliyala, namwali wamkulu ndithu, ine nkhalamba ya tayi ndikupalasa kukwera kamtunda ka kusukulu. Anandigwira malaya mwamphamvu. Pachipata anatsika, n'kulowa osacheuka. Ndinawoloka msewu n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi amayi ena ogulitsa zitumbuwa, maso ali pa chitseko cha holo, kudikira kuti nthawi ina iliyonse atuluka atamugwiriza. Amayi a zitumbuwawo anandifunsa ngati ndine woyang'anira mayeso. Ndinati ayi, ndine kholo. Anati makolo ena amadikirira kunyumba. Chitseko sichinatseguke mpaka belu.

Anatuluka m'chigulu cha anzake akukangana ndi manja omwe. Atandiona anawoloka msewu ali wokwiya zedi.

"Atate, tangoganizani! Chaka chonse mapapo, mtima, magazi, impso. Ndikhoza kuzijambula nditatsinzina. Mukudziwa funso lalikulu linali lotani? Duwa la nyemba! Akuti tijambule duwa la nyemba!"

"Ndiye wajambula?"

"Ndajambula chinachake. Kaya ndi duwa, kaya ndi ambulera, akaona okha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse za mutu uja, n'kutsekanso. Iye anali atawerama kale pa beseni la zitumbuwa akusankha zopsa bwino.

"Ndafa ndi njala ine. Zinayi, amayi. Izi ziwiri n'za madala angawa, aumira pano ngati chipilala."

Tinabwerera wapansi tikukankha njinga, iye akudya n'kumatukwana nyemba njira yonse mpaka ku Kapata. Mapepala otsalawo anapita yekha. Mantha aja sanatheretu, ankabwerabe apo ndi apo kwa zaka ndithu, koma sanamukhazikenso pakhomo. Zotsatira zitatuluka anakhoza mokwanira kulowa koleji ya uphunzitsi. Bayoloje ndiyo inatsika kuposa maphunziro onse, ndipo mpaka lero amati mlandu wake ndi wa nyemba.